Ndalama zachuluka pa lipoti, mamembala ena asowa: kukonza ma JOIN omwe akupereka zolakwika

Database ikakana query yanu n'kukulemberani uthenga wa error, mwachita mwayi, chifukwa yakulozerani pomwe palakwika. Vuto lenileni la JOIN, lamulo la SQL lolumikiza matebulo, ndi lija query yayenda bwinobwino, zotsatira zatuluka zooneka zadongosolo, koma nambala ya pansi ikusiyana ndi imene ili m'buku la msungichuma. Mwapereka ngongole za K4,000,000, lipoti likuti K9,500,000. Kapena muli ndi mamembala 600, lipoti latulutsa 410 okha, ndipo palibe chimene chakuchenjezani.

Kuti tikambirane zogwirika, tiyerekeze kuti tili ndi database ya SACCO yokhala ndi matebulo anayi. Nambala zonse zomwe zili m'zitsanzomu ndi zongoyerekeza.

```sql
mamembala (id, dzina, foni, nthambi_id)
ngongole  (id, membala_id, ndalama, tsiku)
zobweza   (id, ngongole_id, ndalama, tsiku)
masheya   (id, membala_id, ndalama, tsiku)
```

Funso loyamba: mzere umodzi ukuimira chiyani?

Anthu ambiri amaganiza kuti JOIN imangotenga makolamu a tebulo lina n'kuwamata kumanja kwa tebulo loyamba. Maganizo amenewa ndiye gwero la mavuto ambiri. Chimene JOIN imachita ndi ichi: imatenga mzere umodzi wa tebulo la kumanzere, n'kuufunira mizere yonse ya kumanja imene ikukwaniritsa zomwe mwalemba pa ON. Ikapeza umodzi, mumalandira mzere umodzi. Ikapeza itatu, mzere wa kumanzere uja umalembedwa katatu. Ikapanda kupeza, pa INNER JOIN (JOIN wamba) mzerewo umatayidwa.

Choncho JOIN iliyonse ikhoza kusintha tanthauzo la mzere. M'tebulo la `ngongole` mzere umodzi ndi ngongole imodzi. Mukangolumikiza ndi `zobweza`, mzere umodzi usanduka kubweza kumodzi, ngakhale makolamu a ngongole akuonekabe pamenepo. Zili ngati kuwerenga ana a sukulu pa pepala la zotsatira za mayeso pomwe mwana aliyense walembedwa pa phunziro lililonse: mukawerenga mizere, mupeza ana ochuluka kuposa omwe ali m'kalasimo.

Musanayambe kusinthasintha query, chotsani ma JOIN onse, muwerenge mizere ya tebulo loyamba ndi `COUNT(*)`, kenako bwezerani JOIN imodzi imodzi, mukuwerenga nthawi iliyonse. Pomwe nambala yakwera kapena kutsika musakuyembekezera, vuto lili pomwepo. Njirayi ndi yotopetsa pa query ya matebulo asanu ndi awiri, koma imapeza vuto msanga kuposa kuyang'anitsitsa query ndi maso.

Ndalama zachuluka kuposa zenizeni

Onani query iyi, imene pafupifupi aliyense amailemba poyamba:

```sql
SELECT n.membala_id,
       SUM(n.ndalama) AS ngongole_yonse,
       SUM(z.ndalama) AS zobwezedwa
FROM ngongole n
JOIN zobweza z ON z.ngongole_id = n.id
GROUP BY n.membala_id;
```

Membala 101 anatenga K90,000 ndipo wabweza katatu, K20,000 nthawi iliyonse. Zobwezedwa zituluka K60,000, zomwe ndi zoona. Koma ngongole ituluka K270,000, chifukwa K90,000 ija yaoneka pa mizere itatu ndipo SUM yaphatikiza yonse. Choipa kwambiri n'chakuti mamembala omwe anabweza kamodzi kokha nambala zawo zimatuluka zolondola, ndiye mukayesa ndi anthu awiri atatu mukhoza kukhutira kuti zonse zili bwino.

Apa ambiri amathamangira kwa DISTINCT, imene imachotsa zobwerezabwereza. Akalemba `SUM(DISTINCT n.ndalama)`, membala 101 amatuluka bwino ndi K90,000 yake. Koma DISTINCT imayang'ana nambala yokha, sidziwa kuti ndi ngongole iti. Membala amene anatenga K50,000 mu Malichi ndi K50,000 ina mu Ogasiti adzaoneka ngati anatenga K50,000 basi. Ku SACCO, kumene anthu amakonda kutenga ndalama zofanana, zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku. Mwachotsa vuto lochulukitsa, mwaika lochepetsa, lomwe n'lovuta kulizindikira. Ine ndikaona DISTINCT pa query yokhala ndi JOIN, ndimayamba ndafunsa kuti mwini wake amabisa chiyani.

Njira yolondola ndi kuphatikiza tebulo la mizere yambiri lija palokha, kuti litsale ndi mzere umodzi pa ngongole iliyonse, kenako n'kulumikiza:

```sql
WITH zb AS (
  SELECT ngongole_id, SUM(ndalama) AS zonse
  FROM zobweza
  GROUP BY ngongole_id
)
SELECT n.membala_id,
       SUM(n.ndalama) AS ngongole_yonse,
       SUM(COALESCE(zb.zonse, 0)) AS zobwezedwa
FROM ngongole n
LEFT JOIN zb ON zb.ngongole_id = n.id
GROUP BY n.membala_id;
```

WITH inabwera mu MySQL 8.0. Ngati seva yanu idakali pa 5.7, ikani SELECT ya mkatiyo pa LEFT JOIN penipenipo ngati subquery (SELECT ya m'kati mwa ina), muipatse dzina lakuti `zb`, ndipo zotsatira zikhala zomwezo.

Vutoli limakula mukalumikiza matebulo awiri a mizere yambiri ku tebulo limodzi. Membala ali ndi ngongole 4 ndipo wagula masheya maulendo 5. Mukalumikiza `mamembala` ndi `ngongole` komanso `masheya` pa query imodzi, simupeza mizere 9, mupeza 20, chifukwa ngongole iliyonse yaphatikizidwa ndi kugula masheya kulikonse. Ngongole zichulukitsidwa kasanu, masheya kanayi. Palibe ON imene ingakonze zimenezi, popeza ngongole ndi masheya sizikhudzana, zangokumana pa munthu mmodzi. Phatikizani tebulo lililonse palokha pa `membala_id`, kenako lumikizani zotsatira ziwirizo ku `mamembala`.

Nthawi zina query ilibe mlandu, vuto lili m'tebulo lomwe mumalikhulupirira kuti lili ndi mzere umodzi pa munthu aliyense. Wina analowetsa fayilo ya Excel kawiri, kapena membala anasamukira nthambi ina n'kulembedwanso. Fufuzani kolamu imene mukulumikizirayo:

```sql
SELECT id, COUNT(*)
FROM mamembala
GROUP BY id
HAVING COUNT(*) > 1;
```

Pakatuluka ngakhale mzere umodzi, konzani zomwe zili m'tebulomo, kenako ikani PRIMARY KEY kapena UNIQUE pa kolamuyo kuti database izikana yokha. Matebulo omwe anachokera ku CSV nthawi zambiri alibe kiyi iliyonse.

Palinso kiyi ya makolamu awiri. Ngati nthambi iliyonse imayamba kuwerenga ngongole zake kuchokera pa 1, ndiye kuti ngongole nambala 15 ilipo ku nthambi zonse. Kulumikiza pa nambala yokha kusakaniza zobweza za anthu osadziwana. Zikatero matebulo onse awiri amafunika kolamu ya `nthambi_id`, ndipo ON iyenera kukhala ndi nambala komanso `nthambi_id`.

Mizere ikachuluka modabwitsa, mpaka mamiliyoni, yang'anani ngati simunaiwale kulumikiza tebulo lina. Kalembedwe kakale ka `FROM mamembala, ngongole WHERE ...` kamalola kuiwala kumeneku mosavuta, ndipo mamembala 600 ndi ngongole 2,000 zimabala mizere 1,200,000. Kalembedwe ka `JOIN ... ON` kanakhazikitsidwa mu SQL-92, ndipo ubwino wake ndi woti mfundo yolumikizira imakhala pafupi ndi tebulo lake. Koma musadalire kwambiri: PostgreSQL imakana JOIN yopanda ON, pomwe MySQL ndi SQLite zimailola n'kuitenga ngati CROSS JOIN, yolumikiza mzere uliwonse ndi mizere yonse ya tebulo linalo, osanena kanthu. Komanso musasakanize makalembedwe awiriwa pa query imodzi. Kuyambira MySQL 5.0.12, JOIN imachitidwa kulumikiza kwa chizindikiro cha `,` kusanachitidwe, ndiye `FROM a, b JOIN c ON c.x = a.x` imakupatsani "Unknown column" pa kolamu imene mukuiona ndi maso kuti ilipo.

Anthu ena asowa pa lipoti

Choyamba n'chodziwika: INNER JOIN imataya aliyense amene alibe mnzake kumanja. Membala amene sanatengepo ngongole sangaoneke. Mukufuna onse, gwiritsani LEFT JOIN. Koma anthu ambiri amabwera akudandaula kuti alemba kale LEFT JOIN ndipo anthu akusowabe. Pafupifupi nthawi zonse query yawo imaoneka chonchi:

```sql
SELECT m.dzina, n.ndalama
FROM mamembala m
LEFT JOIN ngongole n ON n.membala_id = m.id
WHERE n.tsiku >= '2024-01-01';
```

LEFT JOIN yagwira ntchito yake: yasunga membala wopanda ngongole, n'kuika NULL (kutanthauza kuti mulibe kanthu) m'makolamu onse a `ngongole`. Kenako WHERE yabwera n'kufunsa ngati NULL ndi tsiku la 2024 kapena kupitirira. Yankho si inde, ndiye mzere watayidwa. LEFT JOIN yanu yasanduka INNER JOIN. Sefa ya tebulo la kumanja iyenera kupita pa ON:

```sql
LEFT JOIN ngongole n
  ON n.membala_id = m.id
 AND n.tsiku >= '2024-01-01'
```

Sefa ya tebulo la kumanzere, monga kusankha nthambi imodzi, ndiyo imakhala pa WHERE. Mukaiika pa ON ya LEFT JOIN, mamembala a nthambi zonse atulukabe, kungoti a nthambi zinazo aoneka ngati alibe ngongole.

Chimodzimodzi zimachitika mukatsatiza INNER JOIN pambuyo pa LEFT JOIN. Mwalumikiza `mamembala` ndi `ngongole` mwa LEFT, kenako `zobweza` mwa JOIN wamba pa `n.id`. Kwa membala wopanda ngongole `n.id` ndi NULL, sapeza mnzake, watayidwa. Mukayamba ndi LEFT, matebulo onse odalira tebulo limenelo akhalenso LEFT.

Anthu akabwerera pa lipoti, samalani ndi kuwerenga. `COUNT(*)` imawerenga mizere, ndipo membala wopanda ngongole ali nawo mzere umodzi, ndiye ituluka 1. Lembani `COUNT(n.id)`, imene imadumpha NULL n'kupereka 0. SUM ya NULL zokhazokha ndi NULL, osati 0, ndipo mukachotsera NULL pa nambala iliyonse yankho ndi NULL. Ndiye chifukwa chake ngongole zomwe sizinayambe kubwezedwa zimasowa pa lipoti la otsala ndi ngongole, pomwe ndi zomwe bwana akuzifuna kwambiri. `COALESCE(zb.zonse, 0)` imakonza zimenezi.

NULL safanana ndi NULL mnzake. Ngati makolamu awiri omwe mukulumikizira onse ali NULL, `a.x = b.x` siwalumikiza. Kawirikawiri zimenezi n'zabwino, chifukwa anthu awiri opanda nambala ya foni si munthu mmodzi. Pomwe mukufunadi kuti alumikizane, PostgreSQL ili ndi `IS NOT DISTINCT FROM`, MySQL ili ndi `<=>`, SQLite imalola `IS`.

Msampha wina wa NULL uli pa NOT IN. Mukufuna mamembala omwe sanatengepo ngongole:

```sql
SELECT * FROM mamembala
WHERE id NOT IN (SELECT membala_id FROM ngongole);
```

Pakakhala mzere umodzi wokha mu `ngongole` umene `membala_id` yake ndi NULL, query iyi situlutsa munthu aliyense. Imagwira bwino miyezi yambiri, kenako tsiku lina wina walowetsa ngongole yopanda mwini, lipoti latuluka lopanda kanthu. NOT EXISTS ilibe vuto limeneli:

```sql
SELECT * FROM mamembala m
WHERE NOT EXISTS (
  SELECT 1 FROM ngongole n WHERE n.membala_id = m.id
);
```

EXISTS ndi yothandizanso pomwe mukungofuna kudziwa amene ali ndi ngongole osafuna kuona ngongolezo. Sichulukitsa mizere, ndiye simufunikanso DISTINCT.

Ndi maso zikufanana, database ikuti n'zosiyana

Pano ndi pamene nthawi imathera, makamaka polumikiza matebulo ochokera kosiyana, monga buku la ofesi ndi sitetimenti ya mobile money. Yambani ndi kupeza mizere imene yasowa mnzake, muione:

```sql
SELECT s.*
FROM sitetimenti s
LEFT JOIN mamembala m ON m.foni = s.foni
WHERE m.id IS NULL
LIMIT 50;
```

Mukaiyang'ana mizere makumi asanu imeneyo, chifukwa chake chimaoneka msanga. Nambala za foni za ku Malawi zimalembedwa m'njira zingapo: kuyamba ndi 0, kuyamba ndi 265, kuyamba ndi +265, kapena kukhala ndi mipata pakati. Fayilo ikadutsa mu Excel, 0 wa kumayambiriro amagwa chifukwa Excel imaitenga ngati nambala yowerengera. Pa nthawi yochepa mukhoza kulumikiza pa manambala 9 omaliza, `RIGHT(REPLACE(foni, ' ', ''), 9)`, koma chokhalitsa ndi kusunga nambala zonse mwa kalembedwe kamodzi m'kolamu yakeyake, ya mtundu wa VARCHAR.

Musasunge foni mu INT. Malire a INT ndi 2,147,483,647, pomwe nambala yoyamba ndi 265 ili ndi manambala 12. MySQL ikakhala pa strict mode imakana. Ikakhala kuti strict mode yazimitsidwa, imadula nambalayo n'kusunga 2147483647, ndipo anthu onse amakhala ndi foni imodzi. JOIN pa kolamu yotere imalumikiza aliyense ndi aliyense.

Mitundu ikasiyana, kolamu ina VARCHAR ina INT, database iliyonse ili ndi khalidwe lake. PostgreSQL imakana ndi uthenga wakuti "operator does not exist", zomwe zimakwiyitsa koma zimakupulumutsani. MySQL imasandutsa mawuwo kukhala nambala mwakachetechete. Pamenepo '007' amafanana ndi 7, '12A' amafanana ndi 12, ndipo mawu osayamba ndi nambala amafanana ndi 0. Kuwonjezera apo index (ndandanda yothandiza database kupeza mizere msanga) ya kolamu ya VARCHAR ija sigwiritsidwa ntchito, query n'kuyamba kuchedwa.

Kulumikiza pa mayina a anthu ndi chinthu choti muzichipewa momwe mungathere. A Banda ndi a Phiri okhala ndi dzina loyamba lofanana alipo ambiri m'tebulo lililonse lalikulu, ndipo JOIN idzawasakaniza. Koma nthawi zina palibe kolamu ina, ndiye dziwani zomwe zimasokoneza. Dzina ngati Ng'oma lili ndi kachizindikiro kamene Word ndi mafoni ena amakasintha kuchoka pa ' wowongoka kukhala ’ wopindika. Pa sikirini kusiyana kwake n'kochepa, kwa database ndi zilembo ziwiri zosiyana. Chilembo cha ŵ nachonso: tebulo la latin1 mu MySQL silingachisunge, ndiye Malaŵi akhoza kusanduka Mala?i. Collation (malamulo omwe database imatsata poyerekeza zilembo) ya `utf8mb4_0900_ai_ci`, imene MySQL 8.0 imayambira nayo, imatenga ŵ ndi w ngati chilembo chimodzi, komanso zilembo zazikulu ndi zazing'ono ngati zofanana. PostgreSQL mwa chikhalire imasiyanitsa zonsezi, ndiye query imene inkagwira pa MySQL ikhoza kutaya mizere mukasamukira ku PostgreSQL.

Mipata ya kumapeto kwa mawu imachitanso zachilendo. Ma collation akale a MySQL, monga `utf8mb4_general_ci`, sawerengera mpata wa kumapeto poyerekeza, koma a 0900 amauwerengera. Kuti muone zomwe zabisala, gwiritsani `LENGTH(dzina)` ndi `HEX(dzina)` mu MySQL. Mukaona 0D kumapeto, ndi chizindikiro cha kutha kwa mzere chochokera ku fayilo ya CSV yopangidwa pa Windows. Mukaona C2A0, ndi mpata wina wapadera umene umabwera pokopera kuchokera pa intaneti, ndipo TRIM siuchotsa.

Uthenga wa "Illegal mix of collations", error 1267, umatanthauza kuti makolamu awiriwo ali ndi ma collation osiyana. Zimachitika kwambiri tebulo lina likakhala lakale, lina lopangidwa mutakweza MySQL. Mukhoza kulemba COLLATE pa ON kuti ntchito ya lero ithe, koma index ya mbali imodzi imasiya kugwira. Sinthani matebulowo akhale pa collation imodzi, mutasunga kaye backup.

Za masiku: kolamu ya DATE ikayerekezedwa ndi ya DATETIME, imatengedwa ngati ndi 00:00:00 ya tsikulo, ndiye ilumikizana ndi zokhazo zomwe zinachitika pakati pa usiku penipeni. `BETWEEN '2024-03-01' AND '2024-03-31'` pa DATETIME imasiya pafupifupi zonse za pa 31. Lembani `>= '2024-03-01' AND < '2024-04-01'`. Ndipo ngati tebulo lina limasunga nthawi ya UTC, kumbukirani kuti Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali patsogolo ndi maola awiri. Ndalama yotumizidwa 1 koloko usiku pa 1 Epulo ioneka ngati ya pa 31 Malichi, ndipo malipoti a miyezi iwiri asokonekera.

Pomwe mukufunika UNION, osati JOIN

Ngati muli ndi `zobweza_2023` ndi `zobweza_2024`, kapena tebulo pa nthambi iliyonse, simukufuna kulumikiza m'mbali, mukufuna kusanjika mizere ya tebulo lina pansi pa linzake. Imeneyo ndi ntchito ya UNION. Koma UNION yokha imachotsa mizere yofanana. Membala akabweza K10,000 m'mawa ndi K10,000 ina madzulo a tsiku lomwelo, ndipo inu mwasankha `ngongole_id, ndalama, tsiku` popanda `id`, kubweza kumodzi kuchotsedwa. Pa nkhani ya ndalama lembani UNION ALL, imene simataya kanthu komanso ndi yachangu popeza sifufuza zofanana.

UNION imafananiza makolamu ndi malo awo, osati mayina awo. SELECT yoyamba ikakhala `ndalama, ngongole_id` yachiwiri `ngongole_id, ndalama`, zonse ndi manambala, database sidandaula, ndipo mudzaphatikiza ma id ngati makwacha. N'chifukwa chake `SELECT *` si yabwino pa UNION: matebulo awiri opangidwa zaka zosiyana sakhala ndi makolamu osanjidwa mofanana nthawi zonse. Mayina a makolamu a zotsatira amachokera ku SELECT yoyamba, ndipo ORDER BY imalembedwa kamodzi kumapeto. Ndi bwino kuwonjezera kolamu yosonyeza komwe mzere wachokera, monga `'2023' AS gwero`.

Poyanjanitsa buku ndi sitetimenti, mumafuna zomwe zili kuwiri konse, zomwe zili m'buku mokha, ndi zomwe zili pa sitetimenti pokha. Imeneyo ndi FULL OUTER JOIN. PostgreSQL, SQL Server ndi Oracle zili nayo. SQLite inaiwonjezera pa 3.39 mu 2022, pamodzi ndi RIGHT JOIN. MySQL ilibe, ndiye mumaipanga chonchi:

```sql
SELECT b.ref, b.ndalama AS mbuku, s.ndalama AS pasitetimenti
FROM buku b
LEFT JOIN sitetimenti s ON s.ref = b.ref
UNION ALL
SELECT s.ref, NULL, s.ndalama
FROM sitetimenti s
LEFT JOIN buku b ON b.ref = s.ref
WHERE b.ref IS NULL;
```

WHERE ya kumapetoyo ndi yofunika. Mukaichotsa, zonse zomwe zagwirizana zituluka kawiri.

Mauthenga a error, ndi id yolakwika

"Column 'id' in field list is ambiguous" mu MySQL, kapena "column reference is ambiguous" mu PostgreSQL, ikungonena kuti matebulo awiri ali ndi kolamu ya dzina limodzi ndipo simunanene kuti mukufuna iti. Lembani `n.id` kapena `m.id`. Zatha.

Choopsa ndi pomwe palibe error. `SELECT *` pa JOIN imatulutsa makolamu awiri otchedwa `id`. Mu PHP, `PDO::FETCH_ASSOC` imasunga umodzi wokha pa dzina lililonse, womaliza. Pulogalamu yanu ikuganiza kuti yagwira id ya membala pomwe yagwira ya ngongole, ndipo batani la Edit litsegula munthu wina. Tchulani makolamu ndi kuwapatsa mayina osiyana: `m.id AS membala_id, n.id AS ngongole_id`.

NATURAL JOIN ingoisiyani. Imalumikiza pa makolamu onse okhala ndi mayina ofanana. M'matebulo athu, `ngongole` ndi `zobweza` onse ali ndi `id`, `ndalama` ndi `tsiku`, ndiye idzafuna mizere yofanana pa zitatu zonsezi, osakhudza `ngongole_id` n'komwe.

Query yakale ikayamba kukanidwa ndi uthenga wonena za `only_full_group_by`, ndi chifukwa chakuti kuyambira MySQL 5.7.5 lamuloli limakhala loyatsidwa. Ambiri amalizimitsa kuti zinthu ziyende. Koma uthengawo ukunena zoona: mwachita GROUP BY pa membala, n'kusankha `n.tsiku`, pomwe membalayo ali ndi ngongole zinayi za masiku osiyana. Kale MySQL inkangotola lililonse mwa masikuwo. Nenani chimene mukufuna, `MAX(n.tsiku)` kapena `MIN(n.tsiku)`. Dziwaninso kuti `MAX(tsiku)` ndi `MAX(ndalama)` zikhoza kuchokera ku ngongole ziwiri zosiyana. Mukafuna mzere wonse wa ngongole yaposachedwa, gwiritsani `ROW_NUMBER() OVER (PARTITION BY membala_id ORDER BY tsiku DESC, id DESC)` m'kati mwa subquery, kenako sankhani ya nambala 1.

Zotsatira n'zolondola koma query ikuchedwa

Ikani EXPLAIN kutsogolo kwa query. Mu MySQL, `type` ikakhala ALL pa tebulo lalikulu ndipo `key` ndi NULL, tebulo lonse likuwerengedwa. Mu PostgreSQL yang'anani Seq Scan (kuwerenga tebulo lonse mzere ndi mzere) yomwe ili pansi pa Nested Loop. Seq Scan payokha si vuto pomwe mukufunadi tebulo lonse kapena tebulolo ndi laling'ono.

Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi index pa kolamu yolozera, monga `zobweza.ngongole_id`. InnoDB ya MySQL imaipanga yokha mukaika FOREIGN KEY. PostgreSQL ndi SQL Server sizitero, muyenera kulemba nokha:

```sql
CREATE INDEX idx_zobweza_ngongole ON zobweza (ngongole_id);
```

Index ikhoza kukhalapo osagwiritsidwa ntchito ngati kolamu mwaikulunga mu function. `ON TRIM(m.foni) = s.foni` kapena `ON DATE(z.tsiku) = k.tsiku` zimakakamiza database kuwerengetsa mzere uliwonse. RIGHT ndi REPLACE zomwe tinagwiritsa pa foni zija zili ndi vuto lomweli, n'chifukwa chake ndi za kanthawi chabe. OR pa ON, monga kulumikiza pa foni kapena pa nambala ya chiphaso, nayonso imachedwetsa. Ma query awiri ophatikizidwa ndi UNION amathamanga kuposa pamenepo nthawi zambiri.

LIMIT 20 pa query yokhala ndi JOIN imatanthauza mizere 20, osati mamembala 20. Ngati tsamba la pulogalamu yanu likuonetsa anthu asanu ndi awiri m'malo mwa makumi awiri, ndipo womaliza ngongole zake zadukira pakati, sankhani kaye mamembala 20 mu subquery yokhala ndi ORDER BY ndi LIMIT yake, kenako lumikizani ngongole zawo.

EXPLAIN ANALYZE imapereka nthawi yeniyeni ndi mizere yeniyeni, zomwe zimathandiza kuona JOIN imene yachulukitsa. Koma imayendetsadi query. Mu PostgreSQL mukaigwiritsa pa UPDATE kapena DELETE yokhala ndi matebulo olumikizidwa, mizere isinthidwadi kapena kufufutidwa, ndiye yambani ndi BEGIN, mumalize ndi ROLLBACK kuti zonse zibwerere momwe zinalili.